Kamera ya mnzako osaigwira usanapemphe

Ndakwiya ndipo sindibisa. Inu amene mumangotola katundu wa anzanu osapempha, lero ndili ndi inu.

Loweruka lapitali tinanyamuka pa njinga kuchoka m'tauni muno mwa Zomba kupita ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Amene munapalasako njira imeneyi mukudziwa kuti ndi makilomita pafupifupi 30 kupita kokha, ndipo fumbi ndi mabampu zake si zamasewera. Ine ndinatenga kamera yanga yatsopano, ija yosintha malenzi, imene ndinaisungira ndalama mpaka ndiwo zakunyumba zinasintha. Titaima penapake kuti tigule madzi, ndinakoleka chikwama pa mahandulo n'kulowa m'golosale. Potuluka ndikupeza achimwene ena a m'gulu lathu lomweli atsegula chikwama, atulutsa kamera, achotsa lenzi, akusuzumira m'kati. Pamsewu pomwepo, mphepo ikuwomba, lole itangodutsa kumene, fumbi lili koboo. Ndikuti akulu mukutani, iwo akuti, "Ndimangoona mmene anaipangira, musadandaule." Ataona nkhope yanga anauzira m'katimo ndi pakamwa, kenako n'kupukuta galasi ndi malaya amene akhala akupukutira thukuta kuchokera ku Matawale.

Musadandaule? Inu ndi amene muzindiuza zoti ndisadandaule?

Chinthu si chanu, osachigwira. Mwachisirira, pemphani. Mwakanizidwa, khalani pansi mumwe madzi anu. Kodi pamenepa pavuta pati? Zipi ya chikwama cha munthu ndi malire, ndipo amene waitsegula mwini wake palibe walowa popanda odi, kaya ndi mnzake wa kusukulu, kaya amapemphera mpingo umodzi, kaya ndi mlamu.

Anthu ambiri mukaona munthu akupalasa ndi kamera mumangoona chidole chonyezimira. Simuona ntchito imene ilipo kuti chinthu chimenecho chikafike kunyanja chili bwino. Pa kaliyala sindingaimange, chifukwa bampu iliyonse imene tayala lakumbuyo lagunda imakathera m'kati mwa lenzi, ndipo muli timagalasi ndi timamotala tosafuna kugwedezedwa tsiku lonse. Kuikoleka m'khosi ndi lamba wake nakonso ayi, imangomenya pachifuwa, ukawerama pang'ono yagunda chitsulo. Ndiye ndimaikulunga m'kathaulo, n'kuiika m'jumbo kuopa fumbi ndi mvula yadzidzidzi, kenako m'chikwama chimene chimakhala pathupi panga kuti thupi lizilandira mabampuwo. Msana umanyowa, phewa limachita dzanzi, chinthu chimene m'mawa chimapepuka pofika masana chimakhala chikukukokera pansi. Batire yapadera ili m'thumba lina, kadi yosungira zithunzi ili m'kabokosi kake. Lenzi ndimasankhiratu imodzi kunyumba, ndimaimanga ndili m'chipinda mawindo ali otseka, ndipo sindiichotsanso mpaka nditabwerako. Zonsezi ndimachita kuti fumbi la njira ya ku Kachulu lisaone m'kati mwa kamera yanga. Ndiye wina amene sananyamuleko ngakhale kamphindi akubwera n'kutsegula khomo lomwe ine ndakhala ndikulitchinga ulendo wonse, ati akungoona.

Mukachotsa lenzi, chimene chatsala poyera ndi sensa, pamene pamagwera kuwala kuti chithunzi chipangike. Kafumbi kamodzi kakakhala pamenepo kamatuluka pa chithunzi chilichonse, malo omwewo, ngati kadontho kakuda. Pojambula mtengo kapena gulu la anthu mwina simungakaone, koma jambulani thambo kapena madzi, makamaka mutachepetsa kabowo kolowera kuwala kufika pa f/11 kapena f/16 monga timachitira masana dzuwa likamaswa mtengo, madontho onse amaima pamzere. Tsono ku Chilwa munthu umapitirako chiyani ngati si thambo ndi madzi? Kuuzira ndi pakamwa ndiye kuwonjezera malovu pa fumbi, zimamatirira. Pali kapampu kake ka labala kopopera mpweya, pali kansalu kake kopukutira galasi, ndipo zonsezi zinali m'chikwama chomwecho, akanafunsa ndikanawaonetsa. Koma kufunsa kumawawa eti?

Zithunzi zonse zimene ndajambula kunyanja zili ndi madontho. Chilumba cha Chisi chili ndi nthomba kumwamba kwake. Asodzi akukankha bwato ndi nsungwi, pamwamba pawo madontho. Amayi akuyanika matemba, kuthambo madontho. Pano ndikhale pa kompyuta usiku ndikufufuta kamodzikamodzi, kenako ndifunefune munthu wodziwa kutsuka sensa, mwina mpaka ku Blantyre, thiransipoti yanga, malipiro anga. Achimwene aja agona tulo tabwino.

Ndipo wina asandiuze kuti udzapitanso, nyanja sithawa. Chilwa imathawa. Ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mvula ndi mitsinje yonga Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndipo mvula ikavuta imaphwa. Inauma mu 1995, mu 2018 tinaonanso mabwato atakhala pamatope ong'aluka anthu akuyenda pansi pamene kale amapalasa. Tsiku limene wapeza madzi afika padoko, mbalame zili mbwee m'mabango, kuwala kuli bwino, limenelo ndi tsiku lako, silibwera poti walifuna. Mbalame zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti dambo la Chilwa lilowe m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, anthu amachoka kutali kudzaziona. Ine ndapalasa ndi miyendo yangayi kukazijambula, ndabwerako ndi madontho chifukwa cha chidwi cha munthu wina.

Ena m'gulumo amati ndisakokomeze, tonse ndife amodzi, paulendo timagawana. Inde timagawana. Pampu tengani, zigamba ndi guluu tengani, sipanala tengani, madzi anga imwani, nthochi idyani. Koma ngakhale zimenezo mumayamba mwanena kuti achimwene tabwerekeni. Umodzi wake uti wotsegulirana zikwama? Tapitani pa siteji ya akabaza ku Chinamwali, mukapeze njinga yaimikidwa mwini wake akudya chipisi, muikwere muti ndimangoyesa mabuleki, mudzatiuze mmene zakutherani. Wakabaza amadziwa kuti njinga ija ndi thukuta lake, ndipo tonse timamulemekeza. Nanga kamera yanga inagwa kumwamba?

Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Imeneyo ndi yobwereka, mwini wake wavomera. Nanga yongotola?

Mwina ndi mafoniwa atizoloweza kupatsirana chilichonse chojambulira, kaya. Sizikundikhudza. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wamkulu, wandevu zake, amayenera kudziwa kusunga manja ake. Mwana akagwira timati ndi mwana. Inu tikuti chiyani?

Ndipo chondipsetsa mtima kwambiri n'choti pepani sanatuluke. Munthu waona kuti mnzake wakhumudwa, m'malo monena liwu limodzi lokha akuyamba kuseka, ati zinthu za azunguzi n'zosalimba, ati mwagula yofewa. Ena n'kumaseka nawo. Ukalankhula akuti ndiwe wodzimva, wagula kamera ndiye wayamba matama. Matama ake ati? Kukana kuti chinthu changa chiwonongeke ndi matama? Ngati ndi choncho ndine wamatama, lembani penapake musaiwale. Kuno kwathu wowononga ndi amene timamumvera chisoni, wowonongeredwa ndi amene timamuuza kuti aleze mtima. Ine mtima ndauleza mokwanira.

Tsono imvani izi. Usiku womwewo, ndisanasambe n'komwe, foni yayamba kulira. Pa WhatsApp anthu omwe aja: zithunzi zija bwanji, titumizireni, mwachedwatu. Woyamba kufunsa ndi yemwe uja anachotsa lenzi. Ulendo wonse ndakhala ndikuimitsidwa, apa tijambuleni, apa ndijambuleni ndekha, dikirani ndivale magalasi, bwerezani ndinatsinzina. Aliyense akaima kujambulitsa amakwera njinga n'kumapita, ine nditsale ndikukulunga kamera m'thaulo, m'jumbo, m'chikwama, kenako ndipalase mothamanga kuti ndiwapeze. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati tidikire mnzathu. Ukawatumizira, wina akuti ndaoneka wakuda, wina akuti mimba yatuluka, ngati mimbayo ndaijambula ndi pensulo ndine. Mawa lake uchipeza chithunzi pa Facebook atachidula, atachipaka mitundu yachilendo, dzina la wojambula palibe, anthu akuyamikira foni yake.

Mwezi wamawa akuti tikwere phiri la Zomba, tidutse ku Ku Chawe, tikaone damu la Mulunguzi, mpaka ku Emperor's View kumene anaimako mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Chitunda chimenecho aliyense amachidziwa, munthu umafika pamwamba lilime lili panja. Kamera ndidzainyamula, chifukwa ndinaigulira zomwezo. Koma chikwama chidzakhala ndi loko, ndipo wofuna chithunzi chake adzatulutse foni yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nanunso a magalimoto a njira ya kunyanja, mumaona bwinobwino kuti kutsogoloku kuli anthu pa njinga, amayi asenza mitolo, ana akuchokera kumsika, koma ndi pamene mumaponda mafuta kuti mutisambitse fumbi. Kuchepetsa liwiro pang'ono pokha kumakudyerani chiyani? Pa M3 ndiye musanene, minibasi imakupanikiza mpaka utsike pa tala, kondakitala ali pawindo akukutukwana ngati msewuwo anamanga ndi atate ake.