Thanki yachiwiri yowotcherera pansi pa mtengo: mukufuna kuphetsa yani?

Ana inu a mapikapu ndi ma Land Cruiser, tamabwerani kuno tikambirane. Loweruka lapitali ndinali pa galaja ina kukonzetsa mabuleki pomwe inafika Hilux ya petulo, fungo litatsogola kale galimoto isanaime. Nditasuzumira kunsi ndinagwira pakamwa. Kuseri kwa matayala akumbuyo kukulendewera thanki yachiwiri yodulidwa ku diramu, yowotcherera mwachisawawa, yogwirizika ndi mabawuti awiri ndi malegeni. Paipi yake ndi ija yobiriwira yothirira ndiwo kudimba, ndipo yadutsa pafupi ndi ekizozi moti chala sichingalowe pakati. Pomwe inaimapo dothi linayamba kunyowa, dontho ndi dontho. Mwiniwake, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga, ali mano mbee: "Madala, iyi ndikamwetsa ku Lilongwe ndimakafika ku Chitipa osaima." Kumbuyo kwa galimoto yomweyo amanyamulako matola, amayi a ana kumsana.

Kodi nzeru zinapita kuti?

Musandiuze za kusowa kwa mafuta. Kuyambira 2022 tonse tagonapo pamizere ya pa pampu, ena tili ndi imvi zathu. Musandiuzenso za kutalika kwa ulendo. Ndikudziwa kuti kuchoka pa Rumphi kudzera pa chipata cha Thazima kukafika ku Chelinda ku Nyika ndi makilomita opitirira 100, ambiri mwa iwo a fumbi ndi miyala, ndiye kenako ubwererenso. Wofuna mafuta okwanira pa ulendo ngati umenewo sanalakwe. Eni ake opanga Land Cruiser 78, ija yaitali imene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito ngati ambulansi, anaiikira mathanki awiri a malita 90 iliyonse. Koma kodi anamangira ndi malegeni? Thanki yeniyeni ili ndi zipupa m'kati zoletsa mafuta kukhavukira uku ndi uku pokhota. Ili ndi kapaipi kopumira kotulutsira mpweya kunja, kutali ndi moto. Imamangidwa ku shasi ndi malamba achitsulo, ndipo pampu yake ili ndi fyuzi. Yanuyo ili ndi chiyani mwa zimenezi? Pampu munatola ku sikilapu, mawaya munangopotokola ku batire n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki, basi mwatha. Mukudikira chiyani, kaphaliphali kamodzi?

Ena mwafika poika thanki m'kati mwenimweni, kuseri kwa mpando wakumbuyo, pomwe pamakhala ana. Mawindo otseka chifukwa cha fumbi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ana akudandaula mutu inu n'kumati ndi njala. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa umene timapumawu, umakhazikika pansi pa mipando n'kumadikira. Wina ayatse fodya, waya agundane, mwapita nonse. Chitseko mudzatsegula nthawi yanji?

A dizilonu musaseke. Zoona, dizilo sayaka msanga ngati petulo, koma adonthere pa ekizozi yotentha mutakwera chitunda, mudzaona. Ndipo kulemera kwake mwakuwerengera? Malita 100 a dizilo ndi makilogalamu opitirira 80, osawerengera chitsulo cha thankiyo. Zonsezo mwazipachika kumbuyo kwa ekiselo, pa masipuling'i otopa kale ndi matumba a chimanga. Kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kusewera, thanki yolendewerayo ndiyo yoyamba kugunda mwala mukamawoloka khwawa. Nanga inu a zigubu pa kaliyala? Zigubu zisanu za malita 20, zachikasu zija za mafuta ophikira, zivundikiro zotsekera ndi jumbo, padenga pa galimoto yaitali kale, ndiye mukatsike nazo pa Khwekhwerere kapena mukakhote nazo m'makona a msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia? Ikagubuduzika, mafuta onsewo akusambitsani inu ndi anthu a eni. Amene adzathamangire kudzakusololani nawo apsere pomwepo. Analakwanji?

Owotcherera, nanunso ndili nanu. Munthu akubweretserani diramu kapena thanki yakale n'kukuuzani kuti "mulibe kanthu, ndakhuthula," inu osatsuka, osanunkhiza n'komwe, mwayatsa kale moto. Thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wake ndiye yophulika kwambiri, ndipo zimenezi munaziphunzira tsiku loyamba pantchito. Pambali panu pali mayi wokazinga tchipisi, ana a sukulu akuonerera. Ndalama yake ndi zingati imene mukuikira moyo wa msika wonse pachiswe? Mukamaliza simuyesanso ngati ikudontha. Ikadontha, mwini wake amata ndi sopo. Sopo, abale!

Tinene zoona, ambiri mwa mathanki amenewa si a ulendo ayi. Ndi a geni. Kumwetsa kawiri pamzere umodzi, anzanu ali kumbuyo chigonere, usiku n'kukapopa ndi pakamwa kuseri kwa nyumba, kuthira m'mabotolo, kusunga kuchipinda komwe mayi akulowa ndi mbaula. A MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, akaletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, inu mwangosamutsira chigubucho kunsi kwa galimoto n'kumadziona ochenjera. Mwaiwala kale za ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete? Mu Novembala 2016 thankala imene inachoka ku Beira ndi mafuta obwera kuno ku Malawi inaphulika anthu ali kalikiliki kutunga, ndipo anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo ana. Si kutali kumeneko, ndi pa msewu womwewu wodzera ku Zobue ndi Mwanza. Nawonso ankati angotungako pang'ono.

Tsiku lokayezetsa galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, mumachotsa thankiyo, mawa lake n'kubwezera. Mukunamiza yani? A inshulansi akadzapeza chidiramu chopserera pansi pa galimoto mukuganiza adzakupatsani khobidi? Kwa makolo a ana amene munanyamula mukanena kuti chiyani?

Ngati ulendo wanu ukufunadi mafuta ochuluka, gulani thanki yopangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, akuikireni makaniko wodziwa ntchito, paipi ikhale ya mafuta, itsiridwe m'khosi lake kunja, ipumire kunja. Ngati ndalama sizikukwana, zigubu zachitsulo zopangidwira mafuta zilipo: ziwiri, zomanga zolimba pansi m'bodi, kumene sikukwera munthu.

Zinazi masulani lero lomwe. Ndipo mpaka mutatero, musaime pageti panga, adzukulu anga amasewera pomwepo.