Ntchito ya manja si yaulere, lipirani

Lero ndakwiya, ndipo ndilankhula ngakhale ena akhumudwe.

Mayi wina wa konkuno ku Nchalo, dzina sinditchula, anandipeza mwezi watha kuti ndimulukire shawelo, kachipewa ndi timabuti, zoti mdzukulu wake adzatulukire nazo kuchipatala. Mtundu anasankha yekha. Maluwa a m'mbali anasankha yekha, mpaka kundionetsa chithunzi pa WhatsApp kuti "ndikufuna zotere ndendende". Mtengo tinagwirizana pamaso. Wulu wa mtundu umene ankafunawo kuno kunalibe, ndiye ndinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera mapiri a ku Thabwa mpaka ku Limbe, thiransipoti yanga. Ndaluka, ndamaliza. Lero wabwera, waitambasula shawelo ija, waiyamikira ndithu, kenako akuti: "Koma amayi, zimenezi mpaka ndalama zonsezo? Si mumangoluka mutakhala pansi pa mtengo apa? Pa kaunjika ndikanapeza yotchipa." Ndalama imene watulutsa m'kachikwama siikwana ngakhale wulu wokha.

Katundu ndabweza m'nyumba. Sindinamutukwane, ndi munthu wamkulu, koma mtima ukundiwawa mpaka pano.

Abale anga, ntchito ya manja ndi ntchito. Ndibwerezanso kuti amene akuwerenga mothamanga amve: ntchito ya manja ndi ntchito, ndipo ntchito imalipidwa. Kukhala pansi sikutanthauza kuti munthu akupuma. Telala amasoka atakhala pansi. Kalaliki wa mu ofesi amalemba atakhala pansi, mwinanso fani ikumupepa. Dalaivala wa minibasi amene ananditengera ku Limbe uja anayendetsa atakhala pansi, ndipo kondakitala sanandichotsereko ngakhale kwacha imodzi chifukwa choti bwana wake sanaimirire. Nanga bwanji mayi akakhala pamkeka ndi singano yolukira m'manja, anthu mumaona ngati akusewera?

Mwina simudziwa mmene kuluka kumeneku, kotchedwa crochet, kumayendera, ndiye ndikuuzeni. Singano imakhala imodzi, yokhala ndi kangowe kumutu. Diso lililonse limene mukuliona pa shawelo, kangowe kaja kanalowa, kanakola ulusi, kanatuluka. Limodzi limodzi. Palibe diso limene linadzipanga lokha. Mukuluka mukuwerenga mumtima, mwana akakuitanani kapena mphika ukasefukira mwasokonezeka, ndipo mukazindikira patsogolo kuti mzere wina munalumpha diso, mumamasula zonse kubwerera pomwe panalakwika. Mukapanda kumasula, shawelo imapendekeka, ndipo woyamba kukunenani ndi kasitomala yemweyo. Majuzi ambiri a m'sitolo amalukidwa ndi makina, koma crochet imalukidwa ndi manja. Choncho ngakhale shawelo ya pa kaunjika imene mukundiopseza nayoyo, ngati ndi crochet yeniyeni, kuli munthu wina kutsidya kwa nyanja amene anapweteka nayo khosi. Yatchipa chifukwa eni ake anaigwiritsa ntchito n'kuitaya. Inu mukufuna yatsopano, ya mtundu wanu, ya maluwa anu, imene sinafundepo mwana wa munthu wina, koma pa mtengo wa yotayidwa. Walira mvula walira matope. Mwafuna shawelo yatsopano, funaninso mtengo wake.

Ndiye onjezerani kutentha kwa kuno. Anzathu a ku Dedza kapena ku Thyolo akamaluka, wulu umawafunditsa miyendo. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo inu mwanyamula chinthu cha wulu pamiyendo tsiku lonse. Thukuta limatsika m'manja, ulusi umakakamira, sutereranso pa singano. Ulusiwo ukakhala woyera, muzingodzuka kukasamba m'manja kuti usade, chifukwa palibe amene angalandire shawelo ya khanda yothimbirira. Masana enieni simungathe n'komwe, ndiye mumaluka m'mamawa musanapite kukatunga madzi, kapena usiku ana atagona, magetsi akathima mukuunikira tochi ya foni, udzudzu wa kudambo ukukudyani mapazi. Maso amalira misozi. Khosi limauma. Chala chimene chimagwira ulusi chimachita mzere. Zonsezi munthu n'kudzaziwombetsa mkota ndi mawu oti "si mumangokhala pansi pa mtengo"?

Ayi. Lipirani.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti amene amanena zimenezi si alendo. Ndi anthu athu omwe, amayi anzathu, a mpingo umodzi, ena achibale. Mlendo amafunsa mtengo, akaona kuti sakwanitsa amapepesa n'kumapita. Wachibale ndiye amati "alamu, mundilukireko madoilo a pamipando, Khirisimasi ikubwerayi", osatchula za wulu, osatchula za ndalama. Mukatchula mtengo nkhope imagwa, mawa mumva kuti mayi auje ndi wokonda ndalama, saona chibale. Chibale chake chiti chimene chimayenda mbali imodzi? Iwo akapha mbuzi yogulitsa, ine ndimagula nyamayo pa sikelo ngati wina aliyense, ndipo sindinadandaulepo chifukwa ndikudziwa kuti mbuzi imawetedwa. Mnzako akati konzu, nawe umati konzu. Ine ndikulemekeza thukuta lanu, inunso lemekezani langa.

Ndikudziwa kuti ndalama yavuta, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo madzi osefukira a anamondwe Ana ndi Freddy anatisiya ambiri m'manja muli mbee. Koma wulu nawonso unakwera, ndipo ine ndimakhala m'chigwa chomwechi.

Anthu omwewa mukawaona mu shopu, pakamwa amatseka. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, amalowa m'sitolo kugula chitenje, mtengo wolembedwa amalipira osatsutsa. Maluwa apulasitiki ochokera ku China, amene dzuwa la kuno limawayeretsa isanafike Pasaka, amalipira osatsutsa. Mayunitsi a foni amalipira osatsutsa. Palibe amene amauza wogulitsa mafuta agalimoto kuti "si mumangoimirira apa". Mphamvu zonse zonenerera amasungira mayi wa pakhomo, chifukwa akudziwa kuti mayiyo ufa wamuthera ndipo alandira chilichonse. Kumeneko si kunenerera, n'kupondereza munthu pa njala yake.

Ndipo si ife oluka wulu tokha. Imani pamsewu pa Dyeratu kapena pa Thabwa muone galimoto zochokera ku Blantyre zikaima. Bambo wokalamba wadula mlaza kutchire, minga yamubaya, wauyanika, waung'amba, waluka, wasoka mkeka. Wina wadula bango kudambo kumene kuli ng'ona, wapanga mphasa. Wina waluka dengu, wina chipewa. Munthu amatsitsa galasi la galimoto, osatuluka n'komwe, n'kutchula theka la mtengo, injini ili chilirire kuti wogulitsa achite mantha kuti kasitomala athawa. Akafika kutauni amajambula mkeka uja n'kuika pa Facebook kuti timanyadira zathu za Chimalawi. Mukunyadira chiyani pamene mwini luso mwamusiya akulephera kugula mchere? Kunyadira kwenikweni n'kulipira mtengo umene watchula.

Chigwa chino si chachilendo pa ntchito ya ulusi. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi, akuomba nsalu m'midzi mwawo. Nsalu imeneyo inali chuma, anthu ankasinthana ndi katundu wina. Makolo athu ankadziwa kuti chopangidwa ndi manja chili ndi mtengo. Lero thonje tikulimabe ku Ngabu ndi madera ozungulira, koma limakwera magalimoto n'kumapita, ife n'kumagula ulusi wochokera kunja pa mtengo wokwera, kenako tikaluka, m'bale wathu yemwe n'kutiuza kuti ndi zaulere. Mlimi wa thonje amauzidwa mtengo ndi wogula. Woluka amauzidwa mtengo ndi wogula. Mpaka liti amene wagwira ntchito adzakhale womaliza kufunsidwa?

Kukhitchini n'chimodzimodzi. Mayi akaika ndowa ya thobwa la mapira pamsika, anthu amati "ndilaweko kaye", kapu yathunthu yapita. Mukudziwa kuti thobwa limayambira pati? Mapira aviikidwe, amere, chimera chiyanikidwe, chisinjidwe, phala liphikidwe pa nkhuni zogula, lizizire pang'ono, chimera chithiridwe, ligone, mawa liwiritsidwenso. Mwini wake wadzuka nkhuku zisanalire. Zitumbuwa, chigumu, mandasi, mafilizi a malambe ndi bwemba amene ana athu amathamangira dzuwa likaswa mtengo, zonsezi anthu amaziona ngati zinthu zongopezeka. "Mundiikireko basela." "Ndidzapereka pakutha pa mwezi." Mwezi umatha, ngongole siibwera, mukakumbutsa ndinu oipa. Chakudya chosavuta kuphika kulibe. Ngakhale nsima ndi therere, wina wathyola, wina wasefa chidulo, wina waima pamoto pamene ena ali pamthunzi.

Nyengo ya zikondwerero ndiye zimanyanya. Disembala akangolowa, mauthenga amayamba kugwa. Wina akufuna madoilo a pa tebulo, wina chovundikira jagi chokhala ndi mikanda m'mbali, wina tinyenyezi ndi timabelu toluka topachika m'nyumba, wina kadiresi ka mwana kovala pa Khirisimasi. Onse akufuna zithe isanafike 25, onse abwera mochedwa, ndipo ambiri akuyembekeza kuti popeza ndi nyengo yopatsana, ndiwapatsa. Kutchalitchi nako mumangomva pa zolengeza kuti "zokongoletsa atipangira amayi aja amatha aja", osakufunsani n'komwe. Mundimvetse bwino, nsalu ya paguwa ndinalukapo mwa kufuna kwanga ndipo ndidzalukanso, chifukwa chopereka kwa Mulungu chimachokera mumtima mwanga. Koma mphatso amasankha ndi wopereka. Wina sangandisankhire kuti nthawi yanga, maso anga ndi wulu wanga zikhale mphatso yake. Ndikafuna kukupatsani ndidzakupatsani ndekha. Mukaitanitsa, ndiye kuti mwagula.

Atsikana ambiri safunanso kuphunzira kuluka, ndipo sindiwadzudzula. Amaona amayi awo akuweramira singano mpaka usiku, kenako akukangana ndi munthu pakhomo chifukwa cha ndalama yosakwana botolo la mafuta ophikira. Aphunzirirenji? Mawa mudzadandaula kuti luso latha, kuti ana a masiku ano ndi aulesi, pamene luso mwalipha ndinu ndi kunenerera kwanuko. Ine ndinaphunzira kwa azakhali anga, ndipo ndi singano yomweyi ndagulira ana makope, yunifolomu, ndiwo za tsiku limene bambo awo sanapeze ganyu. Si choseweretsa. Ndi khasu langa.

Kwa amayi anzanga oluka, osoka, ophika zogulitsa, kuyambira ku Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka: lekani kuchita manyazi potchula mtengo. Werengani wulu, werengani thiransipoti, werengani nthawi yanu, kenako tchulani osatsitsa maso. Landirani theka musanayambe ntchito. Amene wakana kupereka theka, ameneyo sadzaperekanso yonse. Ndipo tisamagwetsane tokhatokha, wina akakana mtengo wachipongwe, mnzake n'kuthamangira kukalandira. Tikamatero ndife tomwe tikuphunzitsa anthu kuti ntchito yathu ndi yotchipa.

Azibambo inunso, mukafunsidwa kuti akazi anu amatani, lekani kuyankha kuti "sagwira ntchito, amangokhala pakhomo". Madzi amene mwasamba anabwera okha kuchokera kumjigo? Malaya amene mwavala anadzichapa? Mawu amenewo ndi amene amapatsa anthu akunja mphamvu yotinyoza, chifukwa ngati mwamuna wake yemwe akuti sagwira ntchito, kasitomala alemekeza bwanji?

Ndipo poti Khirisimasi yayandikira, abale a kutauni ndikuuzirenitu. Chaka chilichonse mumatsika kuno manja ali lende, mwanyamula buledi mmodzi ndi fanta wa ana. Mukafika, choyamba n'kudandaula kutentha, kudandaula udzudzu, kudandaula kuti madzi a pamjigo ndi amchere. Mumakhala pamthunzi ndi foni, ife tili pamoto kuphika mpunga ndi nkhuku, nkhuku yake yathu, nkhuni zathu, mbale tikatsuka ndife. Ana anu akana nsima ya mapira, tiwaphikire ina ya ufa woyera. Tsiku lobwerera buti ya galimoto imadzaza: makakana ouma, mlamba wowamba, mbatata za kudimba, mkeka watsopano umene tinagulira alendo, mpaka doilo la pa tebulo langa "alamu ili lokha ndatenga, mulukanso lina". Chaka chino bwerani ndi thumba la mpunga, mafuta ophikira ndi makala, ndipo wina mwa inu agwire mthiko.