Musasaine pepala giyabokosi isanakwere chitunda

Funso ili likubwera kawirikawiri pakati pa ogula galimoto kuno ku Mzuzu. Munthu walipira, galimoto yafika, makiyi ali patebulo, koma mtima suli m'malo chifukwa wamva kuti mtundu umenewo umavuta giyabokosi, kapena poyesa wamva kakugunda polowetsa D, giya yopitira kutsogolo. Atenge kapena akane?

Maganizo anga ndi akuti mphamvu za wogula zili pa nthawi imene sanasaine pepala lolandirira galimoto. Lamulo lathu la Sale of Goods Act limapatsa wogula mpata wokwanira woona katundu asanamulandire. Limanenanso kuti ukakhala naye katunduyo nthawi yaitali osanena kuti wamukana, kapena ukayamba kuchita naye ngati mwini wake, ndiye kuti wamulandira. Ukasaina, n'kupita ku Road Traffic, dzina lako n'kulowa mu blue book, nkhani yobweza galimoto imalimba kwambiri. Chimatsala n'kupempha kuti akukonzere, ndipo wopempha sakhala ndi mawu. Choncho, abale anga, wogulitsa akati "ingotengani bwana, ikavuta mudzabwere nayo," dziwani kuti akukuchotsani pa mpando wa wogula n'kukukhazikani pa benchi ya odandaula.

Mawu oti "yatsopano" kwathu kuno ali pawiri. Pali ya kwa dila imene sinakhalepo ndi mwini, monga ma Hilux ndi ma D-Max amene mabungwe ndi amalonda amagula. Palinso yochokera ku Japan, yatsopano kwa ife koma inatumikira kale wina. Kayesedwe kake n'kofanana, koma njira zothawira vuto zimasiyana kwambiri, ndipo ndifikako.

Choyamba dziwani giyabokosi imene ili m'galimotoyo, chifukwa si phokoso lililonse lachilendo limene ndi matenda. Ma Note, Vitz, Sienta, Mira ndi Fit ambiri ali ndi giyabokosi yotchedwa CVT. Mulibe magiya enieni, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Ukaponda moto kwambiri injini imalira pamalo amodzi liwiro likukwera, ndipo sumva kusintha kwa giya. Chimenecho ndi chibadwa chake. Fit Hybrid ya GP5, imene inayamba kutuluka mu 2013, ili ndi giyabokosi ya makilatchi awiri ndi magiya 7, ndipo ku Japan anaiitanitsa kangapo m'zaka za 2013 ndi 2014 kuti akonze pulogalamu yoyendetsa giyabokosiyo. Zamtundu uwu zimazengereza pang'ono poyenda mokwawa, monga pa mzere wa magalimoto m'tauni. Fit yakale ya GD1 imadziwika ndi kunjenjemera ponyamuka. Ndiye pali otomatiki wamba wa magiya 4, 5 kapena 6, amene amamveka akamasintha giya koma mofewa, komanso manyuwo ya kilatchi ya phazi. Tengani nambala ya chasisi, mufufuze nayo pa tsamba la kampani yopanga galimotoyo ngati pali kuitanitsa kumene sikunachitidwe. Mphindi khumi pa foni zikwanira.

Kuyesa kwenikweni kumayamba m'mawa galimoto isanalizidwe. Apa kuzizira kwa Mzuzu n'kothandiza, makamaka mu June ndi July, chifukwa oyilo wozizira amaulula zimene wotentha amabisa. Uzani wogulitsa kuti asailize, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, funsani chifukwa chake. Lizani, pondani buleki, chotsani pa N kupita pa D uku mukuwerenga. Mabuku a Toyota a otomatiki ambiri amati oyilo atatentha giya igwire pasanathe masekondi 1.2 pa D ndi 1.5 pa R, giya yobwerera chambuyo. Ikamatenga masekondi atatu kenako n'kugunda ngati wina wamenya chitseko, ndiye kuti mphamvu ya oyilo ndi yochepa kapena makilatchi a m'kati adyeka. Bwerezani katatu. Bwererani chambuyo pa kachitunda, chifukwa giyabokosi zambiri zimayamba kufa ndi R.

Kenako msewu. Kuzungulira kuchoka pa Katoto kufika pa msika n'kubwerera si kuyesa, n'kukondweretsa maso basi. Giyabokosi imafuna mphindi zosachepera 30 kuti oyilo atenthe bwino, ndiponso imafuna chitunda. Tili ndi mwayi kuno: tsikani msewu wa ku Nkhata Bay, mutembenuke kumunsi, mukwere kubwerera muli anthu atatu kapena anayi m'galimoto. Mzuzu ili pamwamba pa nyanja ya Malawi ndi mamita oposa 700, ndiye chikweza chimenecho sichinamizika. Zimitsani wailesi. Yang'anani singano ya injini: ikamalumpha yokha phazi lanu lisanasunthe, liwiro osakwera, giyabokosi ikuterereka. Pa CVT mverani kulira kosongoka ngati likhweru kumene kumakula ikatentha, ndi kunjenjemera pakati pa 20 ndi 50 pa ola. Ikangotha mphamvu pakati pa chitunda ngati wina waigwira kumbuyo, ndiye kuti kompyuta yake yaona kutentha n'kuichepetsa mphamvu kuti isapse. Galimoto yotere pa Chiweta idzakusiyani m'mbali mwa msewu. Pambuyo pake pitani cha ku Ekwendeni muiyendetse pa 80 mosasintha phazi. Kunjenjemera ngati mukudutsa pa timizere ta pamsewu pomwe tala ndi wosalala nthawi zambiri kumachokera mu torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki.

Ya manyuwo ndi yosavuta. Ikani giya 4 pa liwiro la 40, pondani moto mpaka pansi. Injini ikakwera yokha, kilatchi yatha. Kukukuta polowetsa giya 2 ndi vuto la ma synchro, tizitsulo tothandiza giya kulowa mofewa. Giya ikamatuluka yokha potsetsereka mutachotsa phazi pa moto, ikaneni. Ya 4x4 muiyese pa fumbi kapena pa matope, osati pa tala, ndipo muone ngati 4L, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, ikulowa ndi kutuluka popanda kulimbana nayo.

Mukabwerera musazimitse msanga. Ikani katoni yoyera pansi, muone ngati pakudontha kanthu pomwe injini yalumikizana ndi giyabokosi komanso pomwe ma shafti atulukira. Ngati ili ndi kachitsulo koyezera oyilo, pukutirani pa pepala loyera. Oyilo wa otomatiki wamba amakhala wofiira, wa CVT ya Nissan wotchedwa NS-2 ndi wobiriwira. Wakuda wonunkha ngati nsima yopserera ndi chizindikiro choipa, ndipo tizidutswa tonyezimira ndi chitsulo chimene chikudyeka m'katimo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa, mwina kudzera mu radiyeta. Kaoyilo katsopano kwambiri pa galimoto yakale nakonso kakufunika funso: anathira uti? Ambiri amathira ATF, oyilo wa otomatiki wamba uja, mu CVT poti onse ndi "oyilo wa giyabokosi", koma lamba wachitsulo uja amafuna wakewake, NS-2 kapena NS-3 pa Nissan, TC kapena FE pa Toyota, HMMF kapena HCF-2 pa Honda. Oyilo wolakwika saonetsa vuto tsiku lomwelo. Amadikira miyezi ingapo, wogulitsa ataiwala kale dzina lanu.

Ndiye kompyuta. Bwerani ndi makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakulozerani, ndipo akhale ndi mashini olowa mu kompyuta ya giyabokosi, osati kachipangizo kotchipa kowerenga injini yokha. Mashiniwo amaonetsa zolakwika ndi manambala: P0700 imangonena kuti giyabokosi ili ndi dandaulo, muyenera kulowa m'kati kuti mumve dandaulolo. P0730 ndi giya yosagwirizana ndi liwiro, kutanthauza kuterereka. P0741 ndi torque converter. P0715 ndi P0720 ndi masensa a liwiro, omwe nthawi zambiri ndi nkhani yaing'ono yokambirana mtengo. P17F0 pa Nissan ndi kunjenjemera kwa CVT, ndipo pamenepo musatayepo nthawi. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti zolakwika zimafufutika ndi batani limodzi. Makaniko aone mtunda umene galimoto yayenda chifufutireni. Akapeza makilomita 5 pa galimoto imene yayenda pamsewu kuchoka ku Dar es Salaam, wina anasesa pabwalo alendo asanafike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake ndi bwino kuiika pa mashini kawiri, musananyamuke ndiponso mutabwera ku chitunda.

Tsono mwapeza vuto, kapena simunapeze koma nkhawa ikadalipo. Mutani?

Kwa dila wa galimoto yatsopanotu, muli pabwino. Pemphani pepala la kuyendera kumene amachita asanapereke galimoto, muone ngati linadzazidwa ndi kusainidwa. Onani makilomita: ngati yabwera yoyendetsedwa kuchokera ku Lilongwe iwerenga pafupifupi 360, ndipo zimenezo zilembedwe. Vuto likaoneka musanasaine, musavomere kuti aikonze kenako muitenge. Munalipira yatsopano, osati yomasulidwa giyabokosi. Pemphani ina ya mtundu womwewo, ngakhale zitanthauze kudikira milungu ingapo, kapena akubwezereni ndalama. Chimene ndingavomere ndi kukonza kwa pulogalamu ya kompyuta kokha, ndipo nakonso kulembedwe pa kadi ya ntchito, mupatsidwe kope lanu, muyesenso pa chitunda chomwecho. Waranti muiwerenge, musangoimva pakamwa. Yambiri imakhala zaka 3 kapena makilomita 100,000, koma kilatchi amaiwerengera m'gulu la zinthu zotha ndi ntchito, ndipo mukasintha oyilo ku galaja ina akhoza kukana. Funsani komwe adzakonzere: kuno ku Mzuzu, kapena mudzainyamula nokha kupita ku Lilongwe? Nanga ikamakonzedwa mudzayendera chiyani? Ngati mukugula pa ngongole, uzani banki isatulutse ndalama mpaka mutasaina, chifukwa ngongole imayamba kuwerenga ngakhale galimoto ili pa jeke.

Kwa amene amagulitsa za ku Japan zili kale kuno, waranti nthawi zambiri palibe pokhapokha mutaipanga nokha pa pepala. Njira imene ndimaiona yolimba ndi kusunga gawo la ndalama. Gwirizanani kuti mulipira zambiri lero, zotsala pakatha masiku 14 kapena makilomita 500 giyabokosi ikuyenda bwino. Wogulitsa wokhulupirira galimoto yake savuta pa zimenezi. Wokana ngakhale kuti muiike pa mashini wakuyankhani kale. Kutsitsa mtengo n'kotheka, koma werengani bwino: mtengo wa giyabokosi ina, oyilo woyenera, ntchito ya makaniko, komanso kuiphunzitsa kompyuta pa ma CVT ena. Ndipo giyabokosi "ya ku Japan" imene mudzagule nayonso ndi yakale, simudziwa mbiri yake. Pa sensa kapena kudontha kwa silo yotsekera oyilo, tsitsani mtengo mutenge. Pa kuterereka kapena tizitsulo mu oyilo, ine ndimati siyani, ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Amene munaitanitsa nokha n'kutumiza ndalama ku Japan, kunena zoona njira zanu n'zochepa. Galimoto ndi yanu isanatsike m'sitima, inshuwalansi ya panyanja imalipira zowonongeka paulendo osati matenda akale, ndipo msonkho wa MRA mukalipira pa Songwe ndiye kuti mwadzimangirira. Nzeru ikufunika musanalipire: pemphani pepala la ku okishoni, muone giredi ndi makilomita, mulipire kuti aiyendere isanakwere sitima. Ikafika ku Dar, amene akukailandira ajambule kanema akuiliza koyamba, magetsi onse a pa dashibodi akuoneka, akulowetsa D ndi R. Vuto likaoneka lembani kwa wogulitsa tsiku lomwelo, chifukwa masiku odandaulira amakhala ochepa. Ganiziraninso za ulendo womwewo. Kuchoka ku Dar kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 1,000, kudutsa zitunda za Kitonga ndi Chiweta, ndipo ka CVT kakang'ono kodzazidwa ndi anthu ndi matumba, kakuthamangitsidwa usiku wonse, kamafika katakalamba. Gwirizanani ndi dalaivala kuti sanyamula matola. Ikafa panjira asaikoke ndi chingwe matayala ali pansi, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo siyenda ndipo giyabokosi imadzidya youma. Ikwezedwe pa lole.

Mukasankha kukana, kanani polemba. Kalata kapena uthenga wa WhatsApp wonena tsiku, nambala ya chasisi, makilomita, vuto limene mwapeza, ndi mawu omveka oti simukuilandira galimotoyo ndipo mukufuna ina kapena ndalama zanu pofika tsiku lakuti. Phatikizani kanema ndi lipoti la makaniko. Galimoto isiyeni komweko, musapite nayo kunyumba "podikira", chifukwa tsiku lililonse ili pakhomo panu likulimbitsa mbali ya wogulitsa. Akakana kumva, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, kapena funsani a CAMA, bungwe loimira ogula, akuunikireni, ndipo khoti lilipo ngati ndalama zake n'zambiri. Konseko adzafunsa mapepala: lisiti, mgwirizano, mauthenga.

Ngati mwaganiza kuitenga ndithu nkhawa ilipobe, musasaine pamzere pokha. Lembani ndi dzanja lanu pamwamba pa siginecha kuti mwailandira giyabokosi ikuchedwa kugwira pa R, kapena vuto lililonse limene mwaona, makilomita ali akuti, ndipo wogulitsa wavomera kukonza kapena kubweza ndalama likapitirira pasanathe masiku amene mwagwirizana. Iye asaine pambali pa mawuwo, adinde chidindo ngati ali nacho, ndipo mujambule pepalalo pa foni musanatuluke pa geti.