Pleya ya CD kapena DAC? Funsani kaye magetsi a ku Harare

Olangiza za nyimbo amanditopetsa. Munthu ali phee ku London kapena ku Toronto, magetsi osaphethira chaka chonse, n'kumatiuza ife a ku Harare kuti ngati tikufuna kumva bwino nyimbo pa mahedifoni tigule pleya ya CD, ati mawu ake ndiye enieni. Wina akuti ayi, gulani DAC yapadera, kachipangizo kolumikiza pakati pa foni kapena laputopu ndi mahedifoni. Onsewo sanachitepo lendi chipinda chimodzi ku Dzivarasekwa, ndiye akulangiza chiyani?

Chimene ogulitsa safuna kuti mudziwe n'chakuti pleya iliyonse ya CD ili ndi DAC m'mimba mwake. Chimbale chimasunga manambala basi, ndipo chakhala choncho kuyambira 1982 pamene Sony ndi Philips anachitulutsa. DAC ndi kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu oti khutu limve. Foni ilinayo, laputopu ilinayo, pleya ilinayo. Ndiye mkanganowu si wa mawu enieni ndi abodza ayi. Nkhani ndi yakuti manambalawo akuchokera kuti, pa chimbale chozungulira kapena pa memori khadi, komanso ngati chipangizocho chili ndi mphamvu zokwanira kukankha mahedifoni anu.

Tsono yesani kugula pleyayo muno m'tauni muone. Zatsopano n'zosowa, ndipo mukaipeza m'mashopu a ku Borrowdale mtengo wake ndi lendi ya miyezi. Zimene ife timakwanitsa ndi zakaunjika, zochokera kunja zitatopa kale. Diso lowerengera chimbale lafooka, lamba wotsegulira thireyi wafutukuka, rimoti inatsala kwa eni ake oyamba. Wogulitsa amakuyikirani chimbale chake chimodzi chomwe akudziwa kuti chimawerengeka, nyimbo ikangoyamba wathimitsa kale, "yakanaka iyi mukoma." Mukafika kunyumba ikudumphadumpha. Kubwerera nayo, munthu uja sakukudziwaninso. Zina n'zochokera ku Japan za 100V kapena ku America za 120V, pomwe kuno, ngati kwathu ku Malawi komwe, magetsi ndi a 220 mpaka 240. Kungolumikiza, fungo la waya wopsa, ndalama zapita.

Ndipo akangomva Chishona chanu chikutsimphina, mtengo wakwera pompo. Amalawi tadzaza ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kuyambira nthawi ya agogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, koma pamsika ndife alendo mpaka lero. Kenako pabwere za ndalama. Dola yong'ambika pang'ono akukana, koma chenji akupatsani yakuda ngati yatuluka m'makala. Mukati mulipire mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe yomwe inayamba mu April 2024, mtengo wosinthira amaupangira pomwepo akukuyang'anani kumaso.

Zimbale nazo ndi nkhani ina. Zimene amagulitsa anyamata m'misewu zambiri anangokopera ma MP3 opanikizidwa kale. Mungagule pleya yabwino chotani, chimene chinatayidwa popanikiza sichibwerera. Zimbale zenizeni zilipo ndithu, ndipo ine ndimazikonda: za reggae ya ku Balaka zomwe ndinabwera nazo kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, ndi za sungura yakale, chamba cha nyimbo cha kuno ku Zimbabwe, zomwe oyimba ake ena ndi ana a Amalawi ndipo amaponyamo Chichewa. Zina mwa izo simungazipeze pa intaneti, kaya muzisake bwanji.

Koma chomwe chimathetsa mkangano wonse ndi magetsi. Madzi akatsika ku Kariba, damu lopangira magetsi, m'madera mwathu muno amathima mbandakucha n'kudzayaka usiku anthu atagona. Pleya imafuna soketi. Ola limene ayaka ndi lomwelo loti musite, muchaje foni, muwiritse madzi, ndipo mwininyumba akuwerenga chilichonse chimene mwalumikiza kuti awonjezere pa bilu. Muli ndi kasola kakang'ono? Kameneko ndi ka babu ndi foni. Mahedifoni enieniwo tinawagula chifukwa makoma ndi opyapyala ndipo mnzanu wa chipinda chinacho akulawirira ku ntchito. Nanga tsiku losamuka? Munthu wa lendi amasamuka mwezi uliwonse umene mwininyumba wadzuka ndi mtima wina, ndipo pleya ndi katundu wina woti mupanikizane naye mu kombi.

Musaganize kuti ndikuyamikira ogulitsa ma DAC. Iwonso ndi omwewo. Chiyambireni 2016 pamene iPhone 7 inatuluka yopanda kabowo ka mahedifoni, makampani ena n'kutsanzira, tizingwe ta USB-C tolumikizira mahedifoni ku foni, tomwe amati ndi ma DAC, tadzaza pa tebulo lililonse la mafoni. Tina mulibe DAC n'komwe, ndi waya chabe wodalira kuti foniyo itulutse yokha mawu, ndiye pa mafoni ambiri zii. Tina timalira "sss" nyimbo ikakhala chete. Tabwino tomwe timadya batire, ndipo potiyika m'pamene pamalowanso chaja, tsono muzisankha pakati pa kumvera ndi kuchaja. Onaninso ma ohm a mahedifoni anu, muyeso wa mmene amalimbira kuwakankha: a 32 ohm kachingwe kabwino kamawakwanira, koma a 250 ohm amafuna ampu yowonjezera mphamvu, apo ayi mawu amamveka ngati akuchokera kuseri kwa phiri. Wogulitsa mukamufunsa za ma ohm amangokuuzani kuti "original."

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali ya DAC. Zimbale zikopereni mu FLAC, njira yosungira nyimbo yomwe sitaya kanthu kalikonse. Chimbale chodzaza cha 700MB chimatsika kufika cha m'ma 400MB, ndiye khadi ya 128GB imanyamula zimbale pafupifupi 300, osagula data, osadikira magetsi. Musauze achibale kumudzi mtengo wake, chifukwa yankho lidzakhala lakuti muli ndi ndalama zotaya pomwe feteleza sanagulidwe.

Vuto latsala n'lakuti malaputopu ambiri a masiku ano alibenso polowetsa chimbale. Mnyamata amene ali ndi kompyuta yakale yokhala ndi draivu akufuna dola pa chimbale chilichonse, ndipo mukapanda kumuyimirira pambali akukoperani mu MP3 yomweyo.