Remix ivinidwe, koma dzina la mwini nyimbo lisatayike m'njira

Anzanga a kuno ku Salima, mkangano wa nyimbo ya mtsikana wina woyimba wa kwathu kuno wakula m'magulu a WhatsApp, ndiye nanenso ndiyikepo maganizo anga. Ena mukuti ma remix atatu amene atulukawa, ya amapiano, ya house ndi ya manganje, ayiwononga nyimboyo. Ine ayi, sindikuvomereza. Chimene chikundipweteka ndi chakuti remix ikuvinidwa kuyambira ku Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, koma ambiri mwa ovinawo sakudziwa kuti mawu akumvekawo ndi a ndani.

Amene simunamve nyimbo yoyambirira ija, muyifunefune. Anayijambula m'chipinda ndi mnzake mmodzi, pa laputopu yokhala ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio ndi maikolofoni imodzi, popanda kampani iliyonse kumbuyo kwake. Ndi nyimbo yodekha, ya mphindi zitatu zokha, synth (chida choyimbira cha pakompyuta) ikulira pansipansi, mawu ake ofatsa akudandaulira munthu amene anapita ku Johannesburg n'kusiya kuyimba foni. Ndi nyimbo yomvera uli wekha usiku. M'bala simungayiyike, anthu akhala pansi.

Apa ndi pamene remix imagwira ntchito yake. Wopanga remix amatenga mawu okha a woyimba n'kuwamangira nyimbo ina pansi pake. Ya amapiano ija anayikweza liwiro kufika pa kugunda cha m'ma 112 pa mphindi, n'kulowetsamo log drum imene imagunda pamtima ikamatuluka mu sipika yaikulu. Anayitalikitsanso, ndipo mphindi yoyamba yonse ndi ng'oma zokhazokha. Ena mumadandaula kuti mawu akuchedwa kuyamba, koma mbali imeneyo sanakupangireni inu omvera pa foni. Anapangira DJ, kuti apeze polumikizira nyimbo ikutha ndi imene ikubwera anthu osasiya kuvina. Ya house ikuthamanga kuposa pamenepo, cha m'ma 124.

Koma imene yandigwira mtima ndi yachitatu, imene mnyamata wina anayikamo ng'oma za manganje. Sanachotse ndime ngakhale imodzi. Mtsikanayo akamafika pa mawu odandaula aja, ng'oma zimatsika, zimamupatsa mpata, kenako n'kubwereranso mwamphamvu. Ndaona amayi aakulu, amene nyimbo za pakompyuta sazilabadira n'komwe, akudzuka pa mpando chifukwa chiuno chazindikira kugunda kwa kwathu. Mnyamatayu anamvetsa chimene nyimbo ikunena asanayambe kuyikhudza.

Pa ya house ija, odandaula inu muli ndi mfundo. Anadula ndime zonse n'kusiya mzere umodzi wokha ukubwerezabwereza. Nkhani ya kudikira, ya manyazi kwa apongozi, ya mwana wofunsa za bambo ake, yonse inapita. Mawu a Chichewa anasanduka chokometsera chabe. Imavinika ndithu, koma ine ndimamva kuti china chake chachotsedwamo.

Ngakhale zili choncho, kusakaniza mawu athu ndi zida za pakompyuta si chinthu chachilendo choti tizichiopa. Woyimba wa kuno ku Malawi Esau Mwamwaya anakumana ndi wopanga nyimbo Johan Hugo ku London, n'kupanga gulu la The Very Best, ndipo mu 2009 chimbale chawo chinamveka m'maiko ambiri iye akuyimba m'Chichewa. Kuno kunyanja tadzionera tokha. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinachitikira ku Kabumba kuno ku Salima mu 2018, ndipo mu 2024 chinali ku Nkhotakota. Sand Music Festival imene anayambitsa malemu Lucius Banda yakhala ikudzaza mchenga wa ku Livingstonia Beach. Aliyense amene anafikako akudziwa kuti magulu oyimba akatsika pa nsanja, usiku wotsalawo ndi wa ma DJ mpaka mbandakucha. Woyimba wodziyimira payekha amene alibe remix, nthawi imeneyo samvekako.

Tsono vuto lili apa. Tsegulani foni yanu muone dzina la fayilo imene munalandira. Ambiri mupeza palembedwa dzina la DJ ndi mawu oti remix basi. M'nyimbo momwemo DJ akudzitchula dzina mobwerezabwereza, pamwamba pa mawu a mwini wake. Fayiloyo ikachoka pa WhatsApp imapita kwa anyamata oyika nyimbo m'ma memory card pamsika, kuchoka apo ilowa m'minibasi ya ku Lilongwe, kenako pa Bluetooth ya wakabaza. Pofika ku Chipoka kapena ku Khombedza, mtsikana amene analemba mawuwo, amene anasunga ndalama kuti alipire data yotumizira nyimboyo, palibe akumutchula. Zili ngati msodzi amene wachezera usiku wonse panyanja, usipa n'kutchuka ndi dzina la wogulitsa pamsika.

Ndipo si nkhani ya ulemu wokha. Lamulo la Copyright la 2016 limapatsa mwini nyimbo mphamvu yololeza kapena kukaniza kuti nyimbo yake isinthidwe. Bungwe la COSOMA, limene lilipo kuyambira 1992, limatolera ndalama kwa owulutsa ndi ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake. Koma lingamugawire bwanji munthu amene dzina lake silikuoneka pa nyimbo imene ikuseweredwa? Wokonza ukwati ku Lifuwu akafuna kuyitana woyimba nyimbo imene akwati akuyikonda, ayimbira DJ, chifukwa ndiye yekha amene akumudziwa.

Kwa inu achimwene opanga ma remix, luso lanu ndimalilemekeza, ndipo popanda inu nyimboyi ikanathera m'mafoni a anzake ochepa. Koma pemphani kaye chilolezo, mutenge mawu okhaokha opanda zida kwa mwini wake m'malo mowazula ndi app pa mp3 yotopa kale. Mugwirizane za ndalama zisanabwere. Polemba dzina la fayilo, yambani ndi woyimba, kenako mutu wa nyimbo, dzina lanu libwere pamapeto. Nawe mchemwali wanga woyimba, ngati ukuwerenga izi, pita ukalembetse nyimbo yako ku COSOMA, ndipo ya manganje ija uyitulutse pa tsamba lako, dzina lako ndi la mnyamata uja zili limodzi.

Enafe amene tili ndi fayilo ija m'foni, tiyisinthe dzina lero lomwe tisanayitumizenso kwa wina.