Chimimba si chuma, tisiyeni ife amene taphwa

Loweruka lapitali ndinali ku Bembeke ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga, ndipo mpaka lero mtima sunakhale m'malo. Ndayesa kuugwira, wakana. Ndiye pepani, lero mundimva.

Tafika bwinobwino, tapereka moni, atipatsa mipando. Azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi osanena kanthu. Kenako akodola mayi akunyumba, apita nawo kuseri kwa nkhokwe. Iwo ankayesa akunong'ona, koma azakhali anga kunong'ona sanaphunzire, bwalo lonse linamva. "Mayi, mwana wathuyu mukumusunga bwanji? Watha chonchi bwanji? Taonani kolala ya shati ikuchita kulendewera. Ngati kuphika kwakukanikani nenani, tibwere tidzakuphunzitseni. Kapena pali chimene mukutibisira?"

Pali chimene mukutibisira! Mmalawi aliyense akudziwa komwe mawu amenewa amaloza. Mkazi wanga anabwerako maso ali psuu, anakhala pamphasa osayankhulanso mpaka madzulo. Munthu amene wavutika nane zaka ziwiri, kundiphikira padera, kundidzutsa m'mawa kukuzizira kuti ndikayende, lero akumuimba mlandu pagulu chifukwa choti mwamuna wake wayamba kukwana m'buluku.

Sizinathere pomwepo. Nthawi ya chakudya yakwana, andibweretsera mbale: mpunga phiri, nyama ya mbuzi ikusambira m'mafuta, ntchafu ya nkhuku pamwamba, botolo la chakumwa pambali. Ine mwaulemu ndafunsa kuti kodi kamasamba kangapezeke? Kuseka kwake! Msuweni wanga wina mpaka anapukuta misozi. "Achimwene, masamba pa chinkhoswe? Mwasanduka kalulu liti?" Atatero anadzisisita pamimba nkunena kuti, "Onani ife, ndalama zimaonekera apa." Munthu ameneyu ndinamuona ndi maso angawa akutsika galimoto. Kuchoka pomwe anaimika kufika pampando, mtunda wosakwana kutalika kwa bwalo la mpira wamanja, anafika ali wefuwefu, thukuta kamukamu, kuno ku Bembeke kozizira chonchi. Nsapato anachita kuvula chifukwa mapazi anatupa. Koma wodwala pa chinkhoswe chonsecho ndinali ine.

Abale anga, chimimba si chuma. Chimimba si umoyo. Chimimba si umboni woti mkazi amadziwa kuphika. Ndibwereze? Chimimba ndi chimimba basi.

Ine ndinali nacho, musandiuze za icho. Zaka ziwiri zapitazo sikelo inkawerenga makilogalamu 96. Pamsika wa pa Dedza Boma anyamata ankandiitana kuti bwana, kutchalitchi ankandikhazika kutsogolo, azakhali omwewa ankati mwana wathu wakhala bwino, wapeza mkazi. Palibe anandifunsa chifukwa chomwe ndinasiyira nsapato za zingwe. Kuwerama kuti ndimange kunkandibanikitsa. Palibe ankadziwa kuti usiku ndinkaliza mkonono mpaka ana kumaseka m'chipinda mwawo, kapena kuti mutu unkandiwawa kunkhongoku pafupifupi tsiku lililonse, ine nkumangomeza panado. Tsiku lina ndinapita ndi mwana kuchipatala, anali ndi malungo. Namwino anandiyang'ana nkunena kuti bambo, tabwerani nanunso tikuyezeni. Makina analemba 168 pa 104. Anayezanso kachiwiri, chimodzimodzi. Anandiuza kuti zikamapitirira 140 pa 90 ndiye kuti magazi athamanga, ndipo ambiri amayenda nawo chonchi osamva kanthu mpaka tsiku lomwe adzagwe. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu imeneyo ndinali ine, ndipo nonse munkaombera m'manja.

Lero ndili pa 82. Mankhwala a BP ndikumwabe, sindinasiye ndipo sindikuuza munthu kuti asiye, koma manambala anatsika, mutu unaleka, ndimagona tulo ngati mwana. Ndimakwera njira ya m'phiri la Dedza m'nkhalango ya paini muja osaima kasanu ngati kale. Ndiye wina azindimvera chisoni? Chisoni chake chiti? Mundimvere chisoni lero pamene ndikupuma bwino, pomwe nthawi yomwe ndinkafa pang'onopang'ono munkanditamanda?

Tikudziwa komwe zinachokera, njala inatizunza ndipo matenda aja a m'ma 1990 anatiphunzitsa kuopa munthu wowonda. Chabwino. Koma mpaka liti?

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti zomwe ndinachita ine si zodula, si zachizungu, si za anthu a ku Area 10. Ndi zinthu zomwe agogo athu ankachita osadziwa n'komwe kuti zili ndi dzina. Kuyenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Gawani nokha: mphindi 30, masiku asanu. Kuyenda ndawala kokha, kufikira mtima ukugunda ndithu koma ukutha kuyankhula ndi mnzako. Sizifuna jimu, sizifuna yunifomu. Kuno Mulungu anatipatsa phiri lotalika mamita opitirira 2,000 pakhomo penipeni, laulere, anthu amachoka ku Lilongwe kudzalikwera. Ife eni ake timangolionera pawindo.

Ndipo ukayamba kuyenda, ayi ndithu, uwaone anthu. M'mawa wina chifunga chili tolo, ndikuyenda m'mbali mwa msewu, mnzanga waimitsa galimoto. "Akulu, kwerani. Zavuta? Galimoto mwagulitsa?" Ndati ayi, ndikungoyenda. "Mukupita kuti?" Ndati palibe, ndikungoyenda basi. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala. Pofika masana nkhani inali itafika kale kuntchito kuti ngongole zandipana. Munthu woyenda pansi kwathu kuno ndi wosauka kapena wopenga, palibe pachitatu. Mnyamata wa zaka 25, miyendo yake yabwinobwino, akwera kabaza kuchoka pa depoti kupita pamsika, pamtunda woti ukhoza kuitana munthu nkumva. Pamene ine ndikukwera phiri ndimakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ena mwana kumsana, akucheza, osapuma n'komwe movutikira. Amenewo timawatcha osauka. Wolephera kukwera masitepe a ofesi timamutcha bwana.

Chimimba si ubwana. Ndanena.

Za zakudya ndiye musandiyambe. Dedza ndi Ntcheu timadyetsa dziko. Imani pa Lizulu tsiku lililonse muone: kabichi milu, karoti, tomato, anyezi, nsawawa, nyemba, kachewere, zitheba. Pitani pa mphambano ya ku Tsangano, pitani ku Bembeke nthawi ya mapichesi. Magalimoto a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaima, kudzaza mabuti, kumapita. Anthu a m'tauni akudya masamba athu, ife tikagulitsa timatenga ndalamayo kukagula tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta omwe aphikidwa kuyambira Lolemba, tikathira mchere wodzaza dzanja, tikatsitsira ndi chakumwa chotsekemera. Ndiye tikati tadya bwino lero. Bonongwe amene akumera yekha kuseri kwa khola timamupalira ngati udzu. Chisoso, luni, kholowa, khwanya, chigwada, nkhwani wotendera, zonsezi tinazipatsa dzina loti ndiwo za pa mwezi woipa. Mlendo akabwera nkumuphikira nkhwani, mawa mudzi wonse umva kuti unamunyoza.

Amayi amene amapita kusikelo ndi ana amaphunzitsidwa magulu 6 a zakudya, ena amachita kuimba nyimbo yake: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Magulu 6. Koma mbale ya bambo wa pakhomo ili ndi magulu atatu okha, nsima, nyama ndi mafuta. Zipatso akuti n'za ana. Ndinaonapo bambo akubisa nthochi m'thumba kuopa kuti anthu amuona akudya pamsewu, koma botolo la mowa amanyamula poyera. A WHO omwewo amati masamba ndi zipatso pamodzi zizikwana magalamu 400 pa tsiku. Kuno kwathu zimenezo n'zosavuta, peyala limodzi, magwafa awiri, mbale ya mpiru, wamaliza. Nthawi ya masuku ana amatola okha m'tchire. Koma ayi, ulemu wathu uli pa nyama yonona.

Mchere akuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera wonse wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wa m'kanyenya. Ife timathira mumphika, tikathiranso pambale tisanalawe n'komwe. Shuga ndiye nkhani ina. Ine ndinkathira masupuni anayi m'kapu imodzi ya tiyi, makapu atatu pa tsiku. Botolo la theka la lita la zakumwa zambiri zotsekemerazi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi oposa 10. Tayesani kuika masupuni 10 a shuga m'mbale muwayang'ane. Mungadye? Koma tikamwa m'botolo timati tikudzipepesa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ufa nawo. Timakonola chimanga, kuchiviika masiku, kuchitsuka, kuchiyanika, mpaka chitayera mbee, chabwino chonse chitachoka. Madeya, momwe muli gaga wothandiza m'mimba ndi kamtima ka chimanga, timapatsa nkhumba. Ndiye nkhumba ikudya bwino kuposa mwini wake. Ine nditayamba mgaiwa kunyumba, mlendo wina anafunsa mkazi wanga mwakachetechete ngati tikufuna atibwereke ndalama ya chigayo. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba, sumva njala msanga, ndipo kuchimbudzi suchita kulimbana nako. Koma poti ndi wakuda, akuti ndi wa kundende ndi kusukulu zogonera.

Wina anena kuti nanga kuwonda konse n'kwabwino? Sindinatero, musandiike mawu m'kamwa. Munthu akamatha thupi osadziwa chifukwa, akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, ameneyo athamangire kuchipatala, chifukwa TB imatero, shuga amatero, HIV imatero. Mwana wonyentchera ndi nkhani ina, ameneyo akufunika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, usipa, osati kumuchepetsera chakudya. Ndipo alipo anthu onenepa mwachibadwa amene amalima, amayenda, ali bwinobwino. Chomwe ndikukana ine n'kuyeza umoyo wa munthu ndi maso, kuyang'ana lamba nkugamula. Ngati azakhali anali ndi nkhawa, bwenzi atandiitana ine mwini wake nkundifunsa kuti mwanawe uli bwanji. Ndikanawauza. Osati kukoka mwana wa eni kuseri kwa nkhokwe.

Ndipo tikudziwa momwe zimathera. Bambo uja timamutcha bwana adzagwa m'bafa m'mawa wina, mkono ndi mwendo mbali imodzi osagwira, pakamwa patapotoka. Pamenepo palibe adzatchule mchere. Palibe adzatchule mafuta, mowa, kapena zaka 15 zokhala pampando. Tidzati amumenya hamala. Tidzayamba kuloza nkhalamba ya m'mudzi yomwe yadya bonongwe moyo wake wonse nkufika zaka 80 ikulimabe, tidzati ndi imeneyi, ikukhaliranji osafa. Ndalama zomwe zikanagula makina oyezera BP zidzathera kwa asing'anga. Maliro angati tayika m'maboma awiri ano a anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50, oti dzulo lake anali bwinobwino, onenepa, owala? Pamaliro pomwepo timanong'onezana kuti koma anali ndi thupi labwino. Thupi labwino lake liti, poti lamupha?

Msuweni wanga uja ndinamuuza pamene tinkatsanzikana kuti akayezetse. Anaseka nkunena kuti iye sadwaladwala, chipatala anapitako komaliza ali mwana. Akazi ake anayang'ana pansi.

Ndisanaiwale, inu a malesitilanti a pa Boma ndi m'mbali mwa M1 monsemu, nanunso mwanditopetsa. Munthu walipira ndalama zake, mukumupatsa mitanda itatu ya nsima yoti ikhoza kudyetsa banja, nyama iwiri, supu wa mafuta okhaokha, ndiye masamba kasupuni kamodzi pakona pa mbale ngati mankhwala a m'maso. Masambawonso mwawaphika ndi soda mpaka asanduka phala, mtundu wake sukudziwikanso. Ukapempha owonjezera akuti atha. Atha bwanji 12 koloko, m'boma lomwe kabichi amaolera pamsika? Dzana ndinachita kutuluka kukagula mpiru wanga panja, ndabwera nawo m'manja kuti andiphikire, mtsikana wake akuti dikirani ndikafunse kaye abwana.