Japan ndi South Korea: nkhani imodzi, machiritso awiri

Akamaonetsa pagulu mafilimu a ku Japan onena za moyo wosalira zambiri, sipalephera kupezeka wina wotuluka m'holo akudandaula kuti palibe chachitika. Palibe wathamangitsidwa, palibe ukwati, mtsikana wangophika n'kudya basi. Amawajambula choncho mwadala, ndipo zimaoneka bwino tikawayerekeza ndi a dziko loyandikana nalo, South Korea, poti mayiko awiriwa anajambulapo nkhani imodzimodzi.

Nkhaniyo ndi Little Forest, yochokera m'buku la zithunzi la Daisuke Igarashi. Junichi Mori anaijambula ku Japan m'magawo awiri, mu 2014 ndi 2015, motsata nyengo zinayi za chaka. Mu 2018 Yim Soon-rye anaijambulanso ku Korea. Konseko mtsikana watopa ndi m'tauni, wabwerera kumudzi, m'nyumba imene mayi ake anachokamo osatsanzika.

Wa ku Japan uja, Ichiko, amakhala yekha m'kamudzi kotchedwa Komori, m'chigawo cha Tohoku. Nyengo yotentha chinyontho chimachuluka mpaka nkhungu kumera m'nyumba. Ndiye amakoleza mbaula ya nkhuni kunja kukutentha, kuti m'nyumba muume, ndipo pofuna kuti motowo usapite pachabe amaphikirapo buledi. Kamera imakhazikika pa manja ake: akukanda ufa, akuzula udzu m'munda wa mpunga matope ali m'miyendo, akuwaza nkhuni. Zolankhula n'zochepa. Mtima wake ukamapola, ukupola chifukwa cha ntchito ndi kudikira nyengo, osati chifukwa wina wamupepesa.

Ku Korea nkhani yonse anaipanikiza m'filimu imodzi yosakwana maola awiri. Mtsikana wa kumeneko, Hye-won, walephera mayeso a uphunzitsi ku Seoul, ndipo atangofika kumudzi anzake awiri a paubwana ayamba kale kumuyendera. Amupatsa kagalu koti kazimusungulutsa. Akafulula makgeolli, mowa wawo wa mpunga uja, samwa yekha. Amamwa atatu, akuseka, nthawi zina kukangana kumene. Chakudya chilipo chokoma, koma kwa a ku Korea chimachiza chikadyedwa ndi anthu.

Mayiko onsewa ali ndi chifukwa cholotera za kumudzi. Kafukufuku wa boma la Japan wa mu 2023 anapeza nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda anthu, ndipo kuyambira 2009 boma limalipira anthu a m'tauni ovomera kukakhala ndi kugwira ntchito m'midzi imene ikutha anthu. Ku South Korea pafupifupi theka la anthu onse aunjikana mu Seoul ndi madera ozungulira mzindawu.

Ineyo ndimakonda filimu ya ku Japan, ngakhale ndi yaitali ndipo imafuna kupirira. Siibisa kuti ulimi umathyola msana, komanso imayerekeza kufunsa funso lowawa: kodi mtsikanayu wasankha mudziwu, kapena wangobisalamo? Ya ku Korea imakoma msanga, koma thukuta limachepa. Munda umaoneka ngati malo opumira. Komabe pa nkhani ya anthu, a ku Korea ndikuwavomereza. Wovulala mumtima kumusiya yekha chaka chathunthu ndi mapoto ake si nzeru imene ambiri a ife tingailandire.

Chimene onse awiri amachilambalala ndi ndalama. Nyumba ilipo kale, munda ulipo, madzi ndi magetsi zilipo, ndipo palibe amene akusowa tulo poganiza za mtengo wa thumba la feteleza. Woonera amene anakulira pa khasu amaziona zimenezi msanga, n'chifukwa chake ndimalakalaka okonza zionetserozi atamaika mafilimu awiriwa tsiku limodzi, kenaka n'kusiya mpata woti alimi amene ali m'holomo alankhulepo.